Malume a Gregorio

Kondie anali atamuuza Gregorio kuti asavale jekete. Anamuuza kawiri pa foni, kachitatu pa voisi noti. Koma Lamulungu masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo ku Chilomoni, mnyamata uja anatulukira pa kona ya chigayo atavala jekete lakuda ndi tayi, chinanazi atachifungatira ngati khanda.

Amayi ake a Kondie, Mayi Agnes, anali kale pageti. Osati kuchingamira mlendo ayi. Ankasesa pomwe anasesa kale m'mawa, ndipo aliyense wa mu laini imeneyo ankadziwa kuti Mayi Agnes akagwira tsache masana, pali munthu amene aseseredwe limodzi ndi zinyalala.

"Odi, amayi," anatero Gregorio, akunjuta mpaka jekete kukhudza fumbi. Chichewa chake chinali cha chaka chimodzi ndi theka, chopindika apa ndi apo, koma ulemu wokha anali nawo wosefukira.

"Odi wa ndani?"

"Ndine Gregorio, amayi. Timaphunzira limodzi ndi Kondie ku Koleji ya Pamtunda."

"Ndikudziwa. Wa ku Mozambiki uja." Anayang'ana chinanazi, anayang'ana nsapato, kenako anasuzumira kumbuyo kwake ngati kukubwera gulu. "Wabwera ndi ndani?"

"Ndekha."

"Wekha. Kwanuko anthu mumangomera ngati bowa? Malume ako ali kuti?"

"Anamwalira, amayi. Freddy uja. Ku Kelimane."

Tsache linaima. Kondie, amene anali kuseri kwa geti, anaganiza kuti mwina apa pokha masteni afewa. Namondwe Freddy yemweyo anawatengera anzawo atatu a kwaya ku Manje.

"Pepa," anatero Mayi Agnes, pepa wake wouma gwaa. "Koma mwamuna wopanda malume salowa geti ili. Mawa ukam'tupitsa diso mwana wanga, ndikadandaule kwa ndani? Kwa pasipoti yako?"

"Amayi!"

"Iwe khala chete, ndikucheza ndi alendo ako." Anatembenukiranso kwa Gregorio. "Obwera ndimawadziwa ine, sindikuyamba lero. Mumafika ndi zinanazi, pochoka olo kutsanzika. Ukapeza malume, munthu woti akaima apa anthu amudziwe, ubwere. Ndidzakuphera nkhuku, ndikulonjeza pamaso pa mwana wangayu. Pakali pano msewu ndi uwo."

Geti linalira. Anamaliza ndi kukankhira fumbi kunsi kwa getilo, molunjika nsapato zopolishidwa zija.

*

Kondie anadzitsekera kuchipinda. Pasanathe theka la ola foni inanjenjemera.

*Amor, usadandaule. Chinanazi tagawana ndi kondakitala. Akuti n'chokoma, amayi ako aluza.*

*Usandiseketse Greg, ndakwiya.*

*Wosesedwa ndine, wokwiya ndiwe?*

*Disembala mayeso atha. Januwale pepala lako lokhalira kuno litha. Ukangowoloka pa boda ya Muloza tisanapange chinkhoswe, basi, masteni andikankhira kwa mwana wa mkulu wa mpingo, wa mutu ngati chidebe uja. Ukundimva?*

*Ndikumva. Koma malume sagulitsa ku Limbe.*

*Ndim'peza. Olo ndichite kumuumba ndi dothi.*

*

Sanachite kuumba. Anam'peza Lachiwiri, mu katoni ya sopo, mu laibulale.

Pamtunda ndi kakoleji ndithu: makalasi asanu ndi limodzi, holo imodzi, ndi thanki ya madzi yoonekera ku siteji. Chaka chimenecho kankakwanitsa zaka makumi anayi chilandirireni ophunzira oyamba ochokera kunja, ndipo Kondie, chifukwa cholephera kutseka pakamwa pa msonkhano, anam'senzetsa ntchito yofukula mbiri yawo. Katoniyo anam'tsitsira ndi a Hawkins, mdala wa mu laibulale amene wakhala pamenepo kuposa thanki ija.

Pamwamba panali chithunzi chotuwa, kumbuyo kolembedwa 1986. Anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi, onse owonda, onse atakoleka kiyi pakhosi ndi chingwe. Chakumapeto kunali theka la mtsikana wina, kamera itam'dula.

"Makiyiwa ndi a chani, a Hawkins? Anali alonda?"

Mdala anaseka mpaka kutsokomola. "Alonda! Atatuwa anathawa nkhondo ku Mozambiki. Uyu wa ku Zambia, mtsikanayu wa ku Tanzania. Hositelo kunalibe. Ndiye anthu a kuno nthawi imeneyo, iwe! Nyumba anawakaniza. Ankagona mu kalasi, denga likugendedwa. Wamtaliyu, Ambrosi, anam'menya pa mpopi, akuti watunga madzi eni dera asanatunge. Nkhani itapita kwa akuluakulu, funso linali limodzi: malume ake ndani? Palibe. Nkhani inathera pomwepo, mwana dzino lili m'thumba."

Kondie anasiya kutafuna chingamu.

"Ndiye a pulinsipolo a nthawi imeneyo, mayi wina wamfupi woopsa, anaitana makolo onse mu holo. Anawaimika anawa atayang'ana kukhoma, kuti asasankhe munthu poona suti. Anati, amene ali ndi mtima aimirire. Munthu amabwera kumbuyo, kum'gwira mwana paphewa, n'kunena kuti, uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Mwana asanacheuke amayankha kuti, ndalandira, malume. Kenako kiyi wa nyumba pakhosi. Basi. Wagwira koyamba ndiye mwini, ndipo kulibe kubweza."

"Anthu ankazitenga zenizeni?"

"Zenizeni? Maliro, milandu, matenda, malume yemweyo. Mwa asanuwa atatu anapeza mabanja konkuno, ankhoswe awo anali amalume a koleji omwewo. Mipingo inavomera. Zinangozilala atamanga hositelo."

Kondie anadzuka mpaka mpando unagwa. "A Hawkins, kiyi wa sipeya muli naye?"

Mdala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Nkhani ya chinanazi inali itafika kale mu laibulale. "Mnyamata wa jekete uja?"

"Yemweyo."

"Amabweza mabuku pa nthawi yake. Ndim'tenga." Anagogoda ndi chala pa nkhope ya Ambrosi. "Koma takhala kaye pansi ndikuuze za uyu. Uyu yekha zake sizinayende, chifukwa amene anam'gwira paphewa anali ndi..."

"Mudzandiuza mawa, a Hawkins!"

Anali kale pakhomo, zala zikuvina pa foni. *Amor, malume apezeka. Ali ndi magalasi.*

*

Vuto linali limodzi, ndipo linkasintha mawigi katatu pa sabata. Olivia, mlembi wa komiti ya chikondwerero cha zaka makumi anayi zija. Iye ndi amene anakam'chingamira Gregorio ku depoti tsiku loyamba, kum'nyamulira chikwama, kum'phunzitsa kunena zikomo. Chiyambire pamenepo ankamuona ngati katundu amene anatola yekha, wina n'kudzam'tsomphola. Kuwonjezera apo, amayi ake ankaimba kwaya imodzi ndi Mayi Agnes.

Kondie atafotokoza pa komiti zoukitsa mwambo wa amalume Loweruka la chikondwerero, anthu anaomba m'manja. Ophunzira akunja analipo khumi ndi anayi: a ku Mozambiki, Zambia, Burundi, Congo, ndi mtsikana wa ku Lesotho amene ankadandaula kutentha tsiku lililonse. A pulinsipolo anavomera pompo, akuti makolo azikonda zimenezo.

Olivia sanaombe. Anam'dikira pakhonde.

"Mwambo, eti? Mbiri ya koleji. Ndakhudzika, sisi."

"Ukhudzikire uko, ndikuchedwa."

"Anthu khumi ndi anayi aimikidwe kukhoma ngati agwidwa ndi mbuzi zakuba, chifukwa iwe wasowa nkhoswe? Chilomoni yonse yamva. Akuti anam'sesa."

"Anam'sesa pageti la kwathu. Pageti la kwanu anafikapo liti?"

Wigi linagwedezeka. "Ine Greg ndinam'peza asakudziwa olo kukwera minibasi."

"Ndiye unam'phunzitsa bwino. Amakwera yobwera kwathu."

Atsikana awiri amene ankadutsa anadziluma milomo. Olivia anamwetulira, kumwetulira kwa nesi asanabaye jakisoni.

"Shapu. Pulogalamu ndi mipando ndikonza ndine. Unditumizire malamulo a mwambowo onse bwinobwino, ndingalakwitse."

Kondie anam'tumizira. Kukhoma, phewa, mawu, kiyi, kulibe kubweza, zonse, mpaka ndi kamtima kofiira kumapeto kofuna kum'pweteka. Anapita ku kalasi akuyenda ngati wagoletsa chigoli.

*

Lachinayi Olivia anaika sitetasi: iye ndi Gregorio pa masitepe a laibulale, mbale imodzi ya chipisi pakati. Pansi analemba kuti, *Zotola wekha zimakoma.*

Kondie anam'kokera Gregorio kunsi kwa thanki, foni itatsala pang'ono kum'lowa m'mphuno.

"Ichi n'chiyani?"

"Chipisi."

"Ndikuona kuti n'chipisi! Ukudya naye bwanji?"

"Anandifunsa dzina langa lonse la pa pulogalamu. Chipisi chinali chake, ine ndinangotola ziwiri."

"Ziwiri. Kwanu kulibe mbatata? Ine ndikuvutika kukusakira abale, iwe uli bize kutola ziwiri kwa mawigi?"

"Amor..."

"Usandi-amor. Tembenuka. Yang'ana thanki."

Anatembenuka. Kondie anam'menya paphewa, mwamphamvu kuposa momwe mwambo umafunira. "Uyu ndi mwana wa mlongo wanga. Yankha."

"Ndalandira, malume."

"Ukunong'oneza ndani? Masteni ndawaitana, ndikufuna amve ali kumbuyo kwenikweni. Bwereza."

"Ndalandira, malume!"

"Eya. Ndipo tamvera. Ukangomva dzanja, usacheuke, usaganize, usadikire. A Hawkins mawondo awo ndi a 1986, akafika usawachedwetse. Wamva?"

"Ndamva, malume."

Anafuna kukwiyabe, koma kuseka kunam'pulumuka. Gregorio anam'gwira chala chimodzi, chaching'ono, monga ankachitira pamalo poti anthu akuona.

"Loweruka ndikhala ndi mbale ku Malawi," anatero motsitsa. "Chimwalirireni malume anga palibe munthu wamkulu anandigwirapo paphewa."

Kondie anayang'ana kumbali. Mawu a chipisi anathera pomwepo.

*

Lachisanu pobwera ku koleji anapeza njinga yamoto pageti. Malume ake enieni, a Duncan, owotcherera zitsulo ku Chirimba, mchimwene yekhayo wa Mayi Agnes. Munthu amene tsiku la chinkhoswe amayenera kudzakhala mbali ya Kondie. Gregorio anali asanawaonepo, masteni analetsa.

"Ankolo! Mwabwera osanena? Mawa tikuonani ku chikondwerero?"

Nthawi zonse a Duncan amam'tchula Kondie kuti bwana pulofesa n'kum'koka khutu. Tsiku limenelo anangoti, "Amayi ako ali m'nyumba," n'kuvala chipewa cha njinga, n'kuliza.

M'nyumba Mayi Agnes ankasita yunifolomu ya kwaya, akung'ung'udza nyimbo. Kung'ung'udza. Munthu amene sabata yonse ankayankha moni ndi mphuno.

"Mawa mubwera, amayi?"

"Ndingalephere bwanji? Mwana wanga wafukula mbiri. Kwaya yonse ibwera."

"Greg apeza malume mawa. Munalonjeza nkhuku."

"Ndayimanga kale mwendo."

Kondie analowa kukhitchini akuvina. Anaona kuti pa msomali wa kuseri kwa kalendala, pomwe pamakhala kiyi wa sipeya wa chitseko cha kumaso, panalibe kanthu. Kiyi uja anam'paka yekha kyutekisi yofiira kuti asamasokonekere. Anangoti mwina wagwera kuseri kwa kabati.

*

Loweruka holo inadzaza mpaka anthu kukhala m'mawindo. Olivia anali ndi wigi latsopano ndi maiki m'manja, ndipo mipando anaikonzadi.

Anawakweza a Hawkins pa nsanja ngati mboni ya mbiri, pakati pa a pulinsipolo ndi abusa, kutsogolo tebulo lalitali la keke, kumbuyo khoma. Kuti atsike anayenera kudzutsa anthu atatu ndi kupeza masitepe. Kondieyo Olivia anam'ponya kumbuyo kwenikweni kwa holo, pa laputopu, kuti aziwalitsa zithunzi pakhoma. Kondie anaona zonsezi, anangoti nsanje basi, bola mwambo uchitike. Mzere woyamba unali mbuu ndi maduku a kwaya, ndipo anasangalala kuona duku la masteni pakati pake. Aone okha.

Zolankhula zinatenga maola awiri. Mtsikana wa ku Lesotho anavina atafunda bulangete, anatsala pang'ono kukomoka. Kenako Kondie anawalitsa chithunzi cha 1986, chachikulu ngati chitseko, ndipo Olivia anaitana ophunzira akunja.

Anawandandalika kukhoma la kumanzere, atafulatira anthu. Gregorio, mu jekete lomwe lija, anamuika kumapeto, masitepe awiri kuchokera pa mzere woyamba.

"Monga mwa mwambo wa makolo athu a pa koleji ino," anatero Olivia, mawu okoma ngati sobo wosasungunula, "wagwira koyamba ndiye mwini, ndipo kulibe kubweza. Amalume, imiri..."

Asanamalize, kumapeto kwa mzere wa maduku kunadzuka munthu wamwamuna amene anali atabisika kuseri kwa amayi onenepa oimba alito. Shati yoyera, mapewa a munthu wonyamula zitsulo.

Kondie anawadziwa ndi msana womwe.

Mutu wake unawerenga msangamsanga. Ankolo Duncan. Mwana wa mlongo wanga. Mlongo wa ankolo Duncan ndi mmodzi yekha padziko lonse.

Pa nsanja a Hawkins anali akulimbana ndi mpando, akukankha abusa, maso ali pa Mayi Agnes ngati aona mzukwa.

"Greg, ayi!" Kondie anakuwa. "Greg, usayankhe!"

Nthawi yomweyo kwaya yonse inaliza nthungululu. Amayi makumi awiri, ophunzitsidwa kupuma. Mawu a Kondie anamira ngati mwala m'chitsime. Anadumpha chingwe cha laputopu, anaponda phazi la mayi wina, anakankha mipando, koma holo yodzaza siithamangika.

Dzanja linatera paphewa la jekete.

"Uyu ndi mwana wa mlongo wanga!"

Ndipo Gregorio, wophunzira wabwino, wobweza mabuku pa nthawi yake, sanacheuke, sanaganize, sanadikire. Anakuwa mpaka a kumawindo anamva.

"Ndalandira, malume!"

Kondie anaima pakati pa holo, nsapato imodzi itatsala kumbuyo.

Gregorio anatembenuka, anaona nkhope yachilendo, anadabwa pang'ono. Kenako anagwada ndithu, poganiza kuti mwina a Hawkins atuma wa mawondo abwino. Chingwe chinadutsa pamutu. Pa tayi panalendewera kiyi wa kadontho kofiira.

Makolo ena anali akugwira ana awo, koma Olivia anathamangitsira maiki kwa a Duncan okha. "Tadzitchuleni, malume, anthu akudziweni."

A Duncan sanayang'ane komwe kunali Kondie. "Ndine Duncan, wa ku Chirimba. Mlongo ndili naye mmodzi. Ndi uyo wakhala apoyo."

Mayi Agnes anadzuka pang'onopang'ono, anakonza duku, anatambasula manja.

"Mwana wanga! Bwera kuno kwa amayi ako!"

Anam'kumbatira pamaso pa abusa, pa kwaya, pa Chilomoni yonse, mafoni ali m'mwamba kujambula. Gregorio misozi inalengeza. Kondie atafika akutsimphina, anam'peza akumwetulira mano onse.

"Amor! Waona? Amayi andikumbatira! Zatheka!"

"Amor ndiye chani?" anafunsa Mayi Agnes mokweza, akuyang'ana azimayi anzawo. "Ndi mmene mumatchulira mlongo kwanuko? Kuno timati chemwali. Kondie, tabwera upereke moni kwa achimwene ako. Ugwade bwino, ndi aakulu kwa iwe."

Kwaya inaseka. Gregorio anayang'ana Kondie, anayang'ana kiyi, anayang'ana a Duncan. Kumwetulira kunayamba kuchoka mbali imodzi ya nkhope.

"Awa ndi ankolo anga, Greg," anatero Kondie, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Achimwene awo a amayi. Wavomera kuti ndiwe mwana wa amayi anga."

"Koma ndi mwambo chabe. Tinena kuti talakwitsa."

"Chabe?" anatero abusa, amene anali atatsika kudzadalitsa. "Mwambo umenewu mpingo unauvomera kalekale, mnyamata. Ndawerenga pa pulogalamu. Mwapeza banja labwino, muzisamalana ndi mlongo wanuyu."

Kondie anawakoka amayi ake pambali, pansi pa chithunzi chachikulu chija. 

"Mwandichita chipongwe, amayi. Pagulu. Munalonjeza!"

"Ndinalonjeza kuti akapeza malume alowa geti ndipo adya nkhuku. Mawa abwere. Kiyi ali naye, safunikanso kuodira."

"Mwambowu mwaudziwira kwa Olivia."

"Olivia anangondiuza tsiku." Mayi Agnes anatsitsa mawu, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo munalibe chipongwe. "Mwambowu ungandiphunzitse iwe? Tayang'ana chithunzi chakocho. Kumapeto uko."

Kondie anakweza maso. Pakhoma, theka la mtsikana wodulidwa ndi kamera lija linali lalikulu ngati munthu. Diso limodzi, phewa limodzi, kachipsera pamwamba pa nsidze. Diso limenelo silinkayang'ana kamera. Linkayang'ana wamtali uja, Ambrosi.

Anatsitsa maso. Kachipsera komweko kanali patsogolo pake, kunsi kwa duku.

"Amene anam'gwira paphewa Ambrosi anali malume anga, atatumidwa ndi amayi anga," anatero Mayi Agnes. "Atangomva kuti ndimam'tungira madzi. Zaka zitatu ndikum'tchula achimwene, ndikum'patsira madzi osamba, tikudya mbale zoyandikana. Tsiku lochoka sananditsanzike. Sindinafe. Iwenso sufa."

Anakonza duku n'kubwerera kwa anzawo a kwaya.

A Hawkins anali atangofika pansi pa masitepe, akupuma mwabefu, kiyi wawo wa sipeya akulendewera m'manja opanda wom'veka. Gregorio anali ataima pomwe paja, atagwira chingwe cha pakhosi ndi manja awiri, osadziwa ngati achivule kapena achisiye, a Duncan atam'gwirabe paphewa.

Kondie anayamba kuyenda kupita kwa iye. Asanafike, fungo la perefyumu linam'pitirira. Olivia anakolowetsa mkono wake mu mkono wa jekete, anakweza foni m'mwamba, anapendeketsa wigi. Kenako anacheuka.

"Alamu," anatero mokoma, "tasunthani pang'ono, mukutitchinga."

Kondie anavula nsapato yotsala ija.